Tsiku Limene Tinadetsa Nsalu za Ukwati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha misomali. Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndinabwerera kwathu ku Mvera kukadikira zotsatira, ndipo ndinapeza bambo, amene anali mphunzitsi, atangogwetsa khola lakale la nkhumba. Tsiku lina mayi wamtali wa duku lakuda anaima pa mpanda n'kupempha kuti atole misomali yadzimbiri imene inali mbwee pabwalo. Bambo anandiuza kuti ndiwathandize. Mayiwo anandiuza kamodzi kokha kuti sakufuna msomali wopaka penti kapena wonyezimira wa malata, ndipo thumba litadzaza anakhuthula pansi, n'kuyang'ana, osapezamo wolakwika.

"Aphunzitsi, mwana wanuyu amamva," mayiwo anawauza bambo. "Mundibwereke mpaka zotsatira zake zituluke."

Amenewo anali Anambewe, mayi wamasiye amene ankanyika nsalu pa kamsika kena m'mphepete mwa msewu wochoka ku Dowa kupita ku Ntchisi. Chinali chaka cha masankho oyamba a zipani zambiri. Utoto wa m'sitolo unali utakwera mtengo, choncho iwo anabwerera ku zimene anaphunzira ali mtsikana ku sukulu ya amayi ya ku mishoni: makungwa, masamba ndi makoko. Ndinkagona m'nyumba mwawo, ndipo ntchito inkachitikira m'chisakasa cha udzu chimene chinagundana ndi nyumbayo. Kutsogolo, moyang'anana ndi msewu, kunali zingwe zoyanikira.

M'chisakasamo munalibe mgolo wachitsulo ngakhale umodzi. Tinkawiritsa utoto m'mbiya zadothi, n'kumatsukira m'mabeseni a pulasitiki. Makungwa a msuku ankapereka mtundu wofiirira, masamba a bulugama wotuwa, ndipo makoko a anyezi osakaniza ndi makungwa a mango ankapereka chikasu chowala, nsalu ikakhala kuti yayamba yaviikidwa m'madzi a alamu, mwala woyera umene ankagula ku Lilongwe. Kuseri kwa kampanda ka bango, kutali ndi moto, kunali mbiya ziwiri za zimene iwo ankati madzi a chitsulo. Mbiyazo zinali ndi mthiko wakewake ndi beseni lakelake. Lamulo loyamba limene ndinapatsidwa linali lakuti chinthu cha kuseri kwa kampanda chisadutse kubwera kuno.

"Dontho limodzi lokha, Lusiya, nsalu ya mwini yachita banga. Ndipo banga la chitsulo silimva sopo."

Kapangidwe ka madziwo kanali kotere. Nthochi zakupsa kwambiri tinkazifinya m'mbiya ya madzi, n'kuvundikira ndi kansalu mpaka zitasasa kukhala viniga. Tikasefa, tinkaponyamo misomali, zidutswa za makasu otha ndi mawaya omangira mabelo a fodya. Pakamwa pa mbiya tinkamangapo nsalu, osati chivundikiro chothina, chifukwa viniga akamadya chitsulo pamatuluka mpweya umene ungaphulitse botolo lotseka, ndiponso umayaka ukakumana ndi moto. Masiku oyamba madzi amachita thovu laling'onoling'ono. Kenako amakhala obiriwira pang'ono, ngati madzi otsukira masamba. Akakhalitsa, mpweya n'kumawalowa, amafiira ngati tiyi wopanda mkaka, pamwamba n'kuyala kakhungu kadzimbiri.

Patapita zaka, ndili kale pa ntchito ya nyuzipepala, ndinafunsa mphunzitsi wa sayansi dzina lake. Anati ndi ayironi asiteti, mchere umene umapangika asidi wa mu viniga akasungunula chitsulo. Anati ulipo wa mitundu iwiri, wobiriwira uja ndi wofiira uja, ndipo mpweya ndi umene umasandutsa woyambawo kukhala wachiwiri. Paokha madziwo sadetsa kwenikweni. Amadetsa akakumana ndi tanini, chija chimamanga m'kamwa ukatafuna khungwa kapena nthochi yosapsa. Anambewe mayina amenewa sankawadziwa. Ankangoti madzi aang'ono ndi madzi okalamba, ndipo ankadziwa kuti okalamba amadetsa pomwepo pamene aang'ono amayamba adikira mpweya.

Ntchito ya madziwo inali yambiri. Nsalu yonyikidwa m'makungwa ikalowa m'menemo inkada ngati biriwita, ndipo utoto wake sunkasuluka msanga. Wosoka nsapato wa pamsikapo ankadetsera malamba ndi zikopa. Alimi ena ankasakaniza ndi tiyi n'kumalembera mayina pa ziguduli za fodya. Koma kasitomala wamkulu anali a Mwale, osema ziboliboli, amene ankapaka tiyi wowawa pa mtengo wamba, n'kupakanso madzi a chitsulo pamwamba, chiboliboli n'kuda ngati phingo. Ankaseka okha akamanyamula chigubu chawo. "Mzungu safunsa dzina la mtengo, amafunsa mtundu," ankatero.

Miyezi imeneyo mitundu ya nsalu inali italowa ndale. Chipani chimodzi mwa zatsopano chinatenga chikasu, ndipo kwathu kumapiri kuno chipani chimenecho chinalibe abwenzi ambiri. Tinkamva za munthu amene anavulidwa malaya achikasu pa depoti, ndiponso za golosale ina imene inapsa masanasana ku msika woyandikana nawo. Anthu amene kwa zaka zambiri ankaopa kulankhula tsopano ankalankhula, koma ankayamba ayang'ana amene ali kumbuyo kwawo.

Oda ya nsalu zachikasu inabwera kale nkhani zimenezi zisanafike povuta. Mayi Chimphamba a kwa Dzoole ankakwatitsa mwana wawo wamkazi, ndipo mkwatiyo anafuna kuti atsikana onse omuperekeza avale chikasu cha anyezi chimene anachiona pa nsalu ya mnzake. Nsalu yoyera ya thonje anabweretsa okha, yambiri ndithu. Anambewe anazengereza, kenako anati ukwati si msonkhano, ndipo tinanyika. M'mawa wa Loweruka lina nsalu zonse zinali pa zingwe, zikudontha, zikuwala moti munthu akanaziona ali pa phiri la kutsidya. Tsiku lomwelo kunali msonkhano wa chipani china pa bwalo la mpira kumtunda kwa msewu, ndipo malole odzaza anthu anadutsa pakhomo pathu akuimba.

Dzuwa litapendeka pang'ono, a Mwale anatulukira pa njinga, opanda chigubu. Sanapereke moni.

"Anambewe, chotsani izi. Kumtundaku akunena za inu."

"Akuti ndatani?"

"Akuti mukunyika mbendera za anthu achikasu. Anyamata akuti lole ikamatsika iima pano. Wina ndamuona ndi maso angawa akugula palafini."

"Ndi nsalu za ukwati, a Mwale. Inunso mukudziwa."

"Ine ndikudziwa. Palafini sadziwa."

Anakwera njinga yawo n'kulowera njira ya kumunda, osati ya mumsewu. Ndinayang'ana denga la chisakasa, udzu wouma wa chaka chatha, ndi mmene linalumikizirana ndi denga la nyumba. Ndinati tibise nsaluzo pansi pa bedi. Anambewe anapukusa mutu. Anthu onse a m'malole anali ataziona. Akabwera n'kupeza zingwe zili zokha akanalowa m'nyumba kukafufuza, ndipo chikasu chopezeka pansi pa bedi n'choipa kuposa chikasu cha pa chingwe. Kuthawa nazo sikukanatheka, chifukwa zinali zonyowa, zolemera, ndipo njira iliyonse yochoka pamenepo inkaonekera kumtunda. Kuziwotcha nakonso sikukanatheka, chifukwa nsalu yonyowa siyaka.

Anaima kanthawi akuyang'ana ntchito ya sabata yathunthu. Kenako anati, "Tenga beseni la kuseri. Bwera nalo kuno."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino, chifukwa limenelo linali lamulo lija. Anabwereza, ndipo ndinathamanga.

Tinapeza vuto pomwepo. A Mwale anali atatunga madzi okalamba masiku apitawo, ndipo m'mbiyamo munatsala ochepa a pansi. Tinawasefa m'beseni, n'kuthirako madzi a pachitsime, n'kuponyamo nsalu zoyamba. Zinasintha tikuona. Chikasu chinazima, n'kukhala chobiriwira moderako, kenako mtundu wa ndowe za ng'ombe. Koma madziwo anatha nsalu zambiri zikadali pa chingwe. Tinatsegula mbiya yachiwiri. Madzi ake anali aang'ono, obiriwira mopepuka, akuchitabe thovu. Anambewe sanathireko ngakhale madzi a pachitsime. Tinaviika nsalu, kuifinya, kuitulutsa, ndipo inatuluka ikadali yachikasu, itangofifia pang'ono.

"Sizikugwira, mayi," ndinatero.

"Zagwira. Ikufuna mpweya. Gwira nsonga izo."

Kumapiri a Dowa mphepo ya nyengo imeneyo sisowa, koma masana amenewo ngakhale tsamba la bulugama silinkagwedezeka. Tinagwira nsalu uku ndi uku n'kumaikupiza m'mwamba ndi pansi ngati tikukutumula mphasa. Madontho ankatigwera kumaso, fungo la viniga ndi dzimbiri likutsamwitsa. Pang'onopang'ono mphepete zinayamba kuda, kenako pakati. Tikaona kuti yaderako tinkaiponya pa chingwe n'kutenga ina. Mapewa ankayaka. Kumtunda chimkuzamawu chinasiya kulankhula, ndipo m'malo mwake tinamva nyimbo ndi injini.

Anambewe anayang'ana manja anga. Anali achikasu mpaka m'zigongono chifukwa cha ntchito ya m'mawa, ndipo pamwamba pake panali madontho akuda. Anandigwira pa mkono n'kuwamiza onse awiri m'beseni. Kenako anakhuthulira madzi otsala mu ngalande yathu yotayira utoto, imene inkatsikira ku msewu ili chikasu chokhachokha.

Nsalu yomaliza sitinaikupize. Tinangoiviika, kuifinya, n'kuiponya pa chingwe ili yopindikapindika, lole itaima kale.

Anatsika anyamata ambiri, ena atanyamula nthambi, ena zibonga. Mmodzi, wovala chipewa cha ulusi, anali ndi chigubu cha palafini. Amene ankawatsogolera anali Lameki, mnyamata wosankha fodya pa esiteti ina yapafupi, yemwe mayi ake ankapemphera mpingo umodzi ndi Anambewe. Anali atamwa, koma osati kwambiri.

"Lameki mwana wanga, kwagwanji?" anafunsa Anambewe.

"Lero palibe za mwana, mayi. Mbendera zija zili kuti?"

"Nsalu zonse zimene ndili nazo ndi izi ukuzionazi."

Anyamatawo anayenda m'mizere ya zingwe akukankha nsalu ndi zibonga. Wina anaseka. "Mtundu wanji umenewu, wa ndowe? Chipani chake n'cha ng'ombe?" Ena anaseka naye, ndipo ndinayamba kupuma. Koma wa chipewa cha ulusi sanaseke. Anati m'mawa anadutsa pompano ndipo anaona chikasu ndi maso ake. Anatsegula chigubu, n'kuwaza palafini pang'ono pa udzu wa m'mphepete mwa denga. Fungo lake linaposa la viniga. Awiri analowa m'nyumba, ndipo ndinamva bedi likugudubuzidwa.

Lameki anandiyang'ana. "Iwe, onetsa manja."

Ndinawatambasula. Anali atada kale ngati ndakhala ndikuphwanya makala. Anawayang'ana, n'kutembenuka, ndipo m'pamene anaona nsalu yomaliza ija. M'mapindo mwake, mmene mpweya unali usanafike, chikasu chinali chikuonekabe bwinobwino.

Anaitsomphola pa chingwe. "Nanga ichi n'chiyani, mayi? Akuluakulu, bwerani mudzaone."

Anaitambasula ndi manja onse awiri, n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aone. Onse anasonkhana. Wa chipewa cha ulusi anali akufufuza machesi m'thumba. Ine ndinayang'ana njira ya kumunda n'kuona kuti pakati pa ine ndi njirayo paima anthu atatu.

Lameki anagwedeza nsaluyo uku akulankhula za anthu ogulitsa dziko, ndipo kugwedezako kunachita zimene ife tinalibe nthawi yochita. Mizere yachikasu inayamba kufifia. Woyamba kuona anali mnyamata amene anaseka za ndowe uja. "Lameki, taona nsaluyo." Lameki anaitsitsa n'kuiyang'ana. Chikasu chinali chikuzimirira iye akuona, kuchokera m'mphepete mwa mzere uliwonse kulowa mkati. Anaitembenuza kufuna mbali ina, ndipo mbali imeneyonso inayamba kuda. Anaiponya pansi. Atayang'ana zikhatho zake, zinali zotuwa, m'mizere ya khungu ndi m'zikhadabo muli bii. Anapukuta pa buluku. Sizinachoke. Analavulira malovu n'kupukutanso.

Nthawi yomweyo wina amene analowa kuseri kwa kampanda anaitana ndi mawu otsika. "Akuluakulu, m'mbiya muno muli misomali. Ndi makasu odukaduka."

Aliyense wa kwathu amadziwa zimene anthu amaganiza akapeza misomali m'mbiya yovundikira, kuseri kwa nyumba ya mayi wamasiye. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za viniga. Anambewe anandiponda chala cha kuphazi, mwamphamvu.

"Mayi, mwandichita chiyani?" anafunsa Lameki. Mawu ake anali atasintha.

"Ine sindinakukhudze, mwana wanga. Wagwira wekha."

"Zichoka?"

"Ndi sopo sizichoka."

Sananene bodza ngakhale limodzi, ndipo sanawonjezerepo kanthu. Wa chipewa cha ulusi anatseka chigubu chake n'kuyamba kubwerera chafutambuyo. Awiri a m'nyumba aja anatuluka, n'kuona nkhope za anzawo, osafunsa. Anakwera lole mmodzimmodzi, ena akulambalala nsalu ya pansi ija ngati ndi njoka. Lameki anakwera komaliza, manja atawatalikitsa ndi thupi lake. Lole itapita ndinakhala pansi m'matope a utoto. Anambewe anatenga ndowa ya madzi ndi makwerero n'kuyamba kuzula udzu umene unanyowa ndi palafini.

Nyumba inatsala, chisakasa chinatsala, ndipo palibe amene anamenyedwa. Zina zonse zinavuta. Mayi Chimphamba atabwera n'kuona nsalu zawo anagwira pakamwa. "Anambewe, ana anga avale ndowe pa ukwati?" Anambewe anawafotokozera, n'kuwagulira nsalu ina ya m'sitolo, yamaluwa, yopanda mtundu wa chipani chilichonse. Nsalu zodetsedwazo tinazinyikanso m'makungwa a msuku kuti zide bwino, koma zimene zinalowa m'madzi osasungunula zinayamba kung'ambika zisanathe chaka, chifukwa chitsulo chikachuluka chimadya ulusi.

Mbiri inayenda msanga kuposa lole ija. Pofika Lamulungu, pamsika ponse ankati Anambewe ndi okhwima, amasandutsa nsalu ndi maso, ndipo Lameki manja ake akuwola. Amayi amene ankabweretsa nsalu anasiya. Ana ankadutsa tsidya lina la msewu. Ine ndikapita kukatunga madzi, atsikana ankayang'ana manja anga akudawo n'kundisiyira chitsime. Akulu a mpingo anawaitana Anambewe, ndipo iwo ananyamula mbiya, tiyi ndi kansalu, n'kukaonetsa zonse pamaso pawo ku vesitili ya tchalitchi. Akulu a mpingo anakhutira. Koma ku vesitili kunali anthu ochepa, ndipo ku msika kunali anthu onse.

Lameki anabwera yekha mkati mwa sabata, masana, manja ali m'matumba. Anaima patali n'kupereka moni waulemu. Anati ku esiteti anzake akukana kudya naye mbale imodzi, ndipo mayi ake akhala akulira. Anambewe anamuuza kuti akhale pa mpando. Anathyola ndimu, n'kuidula pakati, n'kuyamba kumutikita m'zikhatho ndi m'zikhadabo. Kuda kuja kunayamba kusungunuka, madzi ake akudontha pansi.

"Ndi ndimu chabe?" anafunsa.

"Ndi ndimu chabe. Ndipo zija ndi misomali ndi viniga wa nthochi. Ukawauze anzako."

Anavomera, anathokoza, n'kupita. Sanakawauze. Ndikuganiza kuti kunali kosavuta kwa iye kukhala munthu amene analodzedwa n'kuchira kusiyana ndi kukhala munthu amene anathawa misomali. Mvula isanayambe, Anambewe anagulitsa mbiya zawo n'kusamukira kwa mchemwali wawo ku Madisi, kumene ankangodetsa zikopa za osoka nsapato. Zotsatira zanga zinali zitatuluka, ndipo ndinabwerera ku Mvera.

Tsiku lomaliza, tikumanga katundu, ndinawafunsa chifukwa chimene anandipondera phazi. Ndinati mwina tikanafotokoza, dzina lawo silikanaipa.

"Munthu ali ndi machesi m'manja, iwe ukufuna kumuphunzitsa za viniga?" anatero. "Ndinasankha denga. Dzina ndinadziwa kuti lipita."

Ndagwira ntchito yolemba nkhani zaka zambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo pafupifupi mwezi uliwonse pamabwera munthu ndi nkhani ya zimene zapezeka kuseri kwa nyumba ya wina. Nthawi zonse amakhala ndi mboni zoona ndi maso, monga mmene anyamata a pa lole ija analili mboni, ndipo zimene anaona zinachitikadi. Ndimalemba zonse zimene akunena. Koma sindipereka nkhaniyo kwa mkonzi ndisanapite ndekha kwa mwini nyumbayo, pa tsiku limene palibe gulu pakhomo pake, kukamufunsa kuti m'mbiyamo muli chiyani ndipo n'zantchito yanji. Ndinaona mmene mbiri yolakwika inafikira pamsika wonse tsiku limodzi, ndipo kukonza kwake kunathera pa mpando umodzi, m'manja mwa mnyamata mmodzi amene sanakauze aliyense.